Mchere wa ku Helsinki

1.

Miyendo. Dolofe anayamba waona miyendo, nkhope anaiona pambuyo.

Pabwalo la ndege la Helsinki, pakati pa azungu ataliatali ovala zakuda ngati onse akuchokera kumaliro amodzi, panaima aZelina, mchemwali wa malemu mwamuna wake. Anali atamanga chitenje pamwamba pa chikhoti chobwereka, ndipo m'munsi mwa chitenjecho akakolo awo ankaoneka bwinobwino, owonda, ouma, a munthu wolima. Dolofe anawayang'ana nthawi yaitali akakolo amenewo.

Mwafika, mlamu, anatero aZelina.

Ndafika.

Chanza sanapatsane. Aliyense anapeza chikwama choti agwire ndi manja awiri. Pakati pawo panaima Ndaziona, mwana wobadwa kwa Dolofe koma woleredwa ndi aZelina, akumwetulira uku ndi uku mpaka masaya kuwawa.

2.

Foni inalira masabata angapo m'mbuyomo, Dolofe akuweruka kuntchito. Amayi, azakhali abwera kudzandiona kuno. Inu ku Dublin si kutali. Bwerani Lachisanu, Lolemba mudzabwerere. Mudzaone mzinda, mudzalawe zakudya za kuno.

Mudzalawe zakudya. Foni itaduka Dolofe anaseka yekha pamalo okwerera basi, kuseka kowawa, mpaka mzungu wina anasendera patali. Mwana ameneyu, mphunzitsi wa sukulu ya mkaka kudziko la eni, wolankhula chinenero choti lilime limachita kupindika, sanaikepo mkamwa chakudya chophika mayi ake chichokereni mano ake akutsogolo. Tiyi amamwa. Zogula m'sitolo amadya. Koma chilichonse chotuluka m'poto wa Dolofe yankho lake ndi limodzi, laulemu, maso ali pansi.

Ndakhuta, amayi.

Chimene Dolofe ankafuna padziko lapansi chinali chaching'ono moti ankachita nacho manyazi kuchitchula: kuti mwana wake adye ndiwo zimene iye wathira mchere. Basi. Ndipo amene anamulanda chimenechi sanali mphepo kapena tsoka. Anali munthu, wa dzina, wa miyendo iwiri.

3.

Ife a ku Madisi timadziwa za mchere. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana wina amuthirire. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere kwawo, wa m'nyumba mwake amatupa miyendo, amatupa nkhope, amatsokomola, amapita. Timati wamudula. Matendawo timati mdulo. Sitinayambe ndife, tinazipeza.

Ndiye Gelesomu atayamba kutupa, ife tinangoyang'anana. Mkazi wake Dolofe anali wachitengwa, wobwera, wokonda kuseka ndi ogulitsa pamsika. Sitinanene kanthu ife. Ananena ndi aZelina, masana dzuwa likuswa mtengo, tonse tili pakhonde tabwera kudzazonda wodwala. Analowa kukhitchini, anamugwira Dolofe dzanja lili pamwamba pa poto, anamufumbatula chala chimodzichimodzi mpaka mchere unagwera m'phulusa. Kenako anamukokera pakhomo, anakweza dzanjalo kuti tonse tilione.

Ndani wakhala akuthira mchere m'nyumba muno?

Kamwana kanali kataima pafupi ndi mtondo, kakuona zonse.

Tinamva pambuyo pake kuti kuchipatala anati zinali impso. Koma maliro tinali titaika kale, ndipo nkhani tinali titaigwirizana kale.

4.

Nyumba ya Ndaziona inali yaing'ono, yofunda, yonunkhira khofi. Mwamuna wake anali atapita kwa makolo ake kumpoto kuti alendo apeze malo. Dolofe analowa kubafa kukasamba m'manja, ndipo anapeza kachikwama ka aZelina kali pasinki, kosatseka. Sanafufuze ayi. Anangoyang'ana, kuyang'ana sikuba.

Mapilitsi oyera ang'onoang'ono, okulunga m'kansalu ngati mankhwala a kwa sing'anga. Dolofe amagwira ntchito kunyumba yosungira okalamba. Mapilitsi omwewo amagawa m'mawa uliwonse, ndipo mawu amene dokotala amanena powapereka anawaloweza: bipi yakwera, mtima watopa, mchere musiyiretu. Poona kakulungidwe kake anadziwanso kuti Ndaziona sanauzidwe.

Anadziyang'ana pagalasi. Nkhope inali itawala ngati wadzola mafuta. Anasamba m'manja mosafulumira, n'kutuluka akung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

5.

Zimene mzinda uwu uli nazo:

tchalitchi choyera pamwamba pa masitepe ambirimbiri,
tchalitchi china chogoba m'thanthwe,
tisitima tobiriwira toyenda pakati pa msewu,
anthu osapatsana moni,
mphepo ya kunyanja yolowa mpaka m'mano,
buledi wakuda wowawasa,
khofi, khofi, khofinso,
nsomba zamchere,
batala wamchere,
nyama youmika yamchere,
ngakhale maswiti, Mulungu ndi mboni, maswiti amchere.

Dolofe anaukonda mzindawu tsiku loyamba lomwelo. Anauza Ndaziona kuti iye azingolondolera njira, za chakudya asiyire mayi ake, ndiwo adzasankha. Mwanayo anavomera mokondwa, poganiza kuti zinthu zayamba bwino.

Maganizo a Dolofe anali osavuta. Miyendo ija itupe. Ikatupa adzaikweza pamaso pa mwanayo monga momwe dzanja lake linakwezedwera, n'kufunsa funso limodzi lokha. Nanga inu, alamu, wakudulani ndani?

6.

Loweruka m'mawa anapita kudoko. Kunali msika wa nsomba umene amati umachitika nyengo ino, masamba akamayoyoka. Asodzi amakocheza maboti m'mphepete mwa msewu n'kumagulitsira momwemo tinsomba tonga utaka, toviika mumchere, tina m'mabotolo tina m'timigolo. Mbalame zoyera, zakuba kuposa akhwangwala, zinkazungulira pamitu pa anthu.

Mayi wina wofiira masaya anabaya kansomba ndi kamtengo n'kuwalozetsa aZelina kuti alawe. AZelina anaika manja kumbuyo, akumwetulira ngati sakuona. Manyazi a kumudzi, anaganiza Dolofe. Analandira kamtengoko iye, anatembenuka, anagwira chigongono ndi dzanja lamanzere, ulemu wonse wa mkazi wachitengwa.

Lawani, alamu.

AZelina anayang'ana kansombako. Anayang'ana dzanja. Kenako anaitana, Ndaziona, tabwera kuno utijambule. Anadikira mpaka mwanayo atakweza foni, ndiye anatsegula pakamwa. Anatafuna pang'onopang'ono, misozi ili lengelenge.

Yakoma, mlamu. Ilipo ina?

Ilipo yambiri.

Matama, anatero Dolofe mumtima. Mukufuna a ku Madisi akaone kuti munadya za azungu. Anagula botolo lalikulu kuposa onse. Ndipo Ndaziona atati akakhale penapake amwe khofi ndi mabanzi otsekemera amene amatchuka nawo kuno, Dolofe anakana ndi nkhope yachifundo. Anati shuga si wabwino kwa akuluakulu.

7.

Idyani alamu idyani musachite manyazi mwachokera kutali, idyani ya anyezi iyi idyani ya tsabola iyi, pakani batala pabuledi pakani wambiri, kodi si inu munandifumbatula zala pamaso pa mudzi wonse ine ndili ndi wodwala m'nyumba amene ndinkamutembenuza ndekha kumusambitsa ndekha kumuchapira zoipa ndekha inu mukungobwera ndi pakamwa pokha, kodi si inu munandikhazika kuseri kwa nkhokwe pamaliro a mwamuna wanga kuti ndisayandikire miphika amayi anzanga akundilambalala ngati ndili ndi nthomba, si inu munati mwanayu ndi magazi athu atsala konkuno iwe nyamula dengu lako uzipita, ndipo ine ndinanyamula chifukwa ndinali mwana ndinalibe malume woti andiyankhulire, idyani alamu nayi nyama ya gwape wa kuno aiumika bwino, mwamva ludzu eti imwani madzi akakhale m'miyendomo, ine ndadikira mpaka imvi izi ndipo sindinakhululuke tsiku ndi limodzi lomwe, kutchalitchi ndimapita kuimba ndimaimba mgonero ndimalandira koma inu ndinakusungani padenga pouma ngati chimanga cha mbewu, idyani alamu idyani

8.

M'tchalitchi chogoba m'thanthwe munali zii. Alendo ankayenda monyang'ama, wina akuimba limba chapansipansi. AZelina anakhala pabenchi, anavula nsapato imodzi mobisa, anatseka maso, milomo ikugwedera. Dolofe anakhala kumbuyo kwawo akuyang'ana phazi lija. Ngati anapemphera, pemphero lake silinali loti n'kulibwereza pagulu.

Potuluka Ndaziona anagula kapaketi ka maswiti akuda amchere aja, eni dziko amati salimiyaki. Anati alendo ambiri amalavula, tiyeni tione ngati inu mungapirire. Dolofe anaponya limodzi mkamwa. Zinali ngati watafuna sopo wothira mchere. Analavulira m'kapepala, ndipo Ndaziona anaseka, kuseka kwenikweni koyamba chifikireni mayi ake. Kenako anapereka paketi kwa azakhali ake. AZelina anapukusa mutu.

Andipatse mayi ako.

Ufumu, anaganiza Dolofe. Mpaka lero akufuna kutumikiridwa. Anawakhuthulira odzaza dzanja. AZelina anadya onse, limodzilimodzi, maso ali pa Ndaziona.

9.

Ku Lilongwe, patchuthi choyamba chimene Ndaziona analoledwa kubwera kwa mayi ake, ali m'diresi lothina m'khwapa. Nkhuku yathunthu. Ndakhuta, amayi.

Atakhoza mayeso a fomu folo. Mpunga wa Kilombero ndi nyama yambuzi. Ndakhuta, amayi.

Ku Dublin, ali mkazi wamkulu, digiri ili m'chikwama. Nyemba za kwathu zimene Dolofe anazisaka m'sitolo zonse za mzindawo. Tsiku limenelo Ndaziona anagwira supuni, anaikweza mpaka pachibwano, n'kuibweza. Amayi, si kuti ndimakhulupirira zimene zija. Kungoti pakhosi pamatseka pokha.

Dolofe anataya nyembazo m'bini, poto yemwe. Anadziwa tsiku limenelo kuti sukulu siifika kumene aZelina anafika.

10.

Lamulungu m'mawa anakwera boti kupita pachilumba pamene pali linga lakale la asilikali. Mizinga yadzimbiri. Makoma amiyala. Udzu wofiirira. Ana a azungu ovekedwa ngati timatumba ta ufa. Ndaziona ankatsogola, akufotokoza nkhondo za anthu ena, ndipo Dolofe ankavomereza ndi mutu osamva kanthu, chifukwa makutu ake anali kumbuyo.

Kumbuyoko aZelina ankatsalira. Ankaima ngati akusirira nyanja, dzanja lili pachifuwa, kenako n'kuyambanso. Chitenje anali atachitsitsa mpaka kukwekwa pansi, ndipo nsapato anaziponda kumbuyo ngati masilipasi.

Azakhali, muli bwino?

Ndi kuzizira, mwanawe. Tiye.

Pabenchi loyang'ana kunyanja Dolofe anatulutsa m'chikwama buledi wopaka batala, tinsomba tili pakati. Anawapatsa aZelina.

Analandira.

Anaitana mwana.

Anadya.

11.

Ndaziona anati munthu sachoka m'dziko lino osalowa sauna, kachipinda kamatabwa kumene anthu amakhala osavala n'kumathira madzi pamiyala yamoto kuti atuluke thukuta. Iye anati lero sangalowe, awadikira panja. Analowa awiri, atadzikulunga matawulo, n'kukhala motalikirana ngati anthu odikira basi. Nthunzi itachepa Dolofe anayang'ana pansi.

Akakolo kunalibe. Miyendo inali itatupa kuyambira kumapazi mpaka m'maondo, khungu likunyezimira. Miyendo ya Gelesomu. Yomweyo, ya mimba imodzi, mpaka kapindikidwe ka zala.

Anasendera. Anadina ndi chala chachikulu, ndipo atachotsa chalacho dzenje linatsala, osabwerera.

Anakondwa. Tisanamizane, anakondwa mpaka m'mimba. Koma pansi pa chimwemwecho panali kanthu kena kozizira, chifukwa dzenje lotere analionapo pamwendo wa munthu amene ankamukonda, ndipo ankadziwa kumene msewu wake umathera.

Dinaninso, mlamu, anatero aZelina osatsegula maso.

Tulukani muno, kutenthaku si kwanu. Ndili nanu funso, koma ndikakufunsirani kunyumba, mwana ali pomwepo.

Ndikudziwa.

12.

Ndani wathira mchere.

Ndani.

Ine.

13.

Madzulo a tsiku lomwelo Ndaziona ankaphika supu wa kuno, wa nsomba yofiira, mbatatesi ndi mkaka. AZelina anali pampando pakona, miyendo ili m'chitenje. Dolofe anaima pakhomo la khitchini, funso lili pamlomo, lonoledwa zaka zonse zija. Ankangodikira kuti mwanayo atembenuke.

Ndaziona anavundula, analawa, anatenga kabotolo ka mchere, n'kuima.

Ndili kumwezi, anatero akuyang'ana m'poto. Musandiseke. Ndimadziwa kuti n'zachabe, koma dzanja limakana.

M'khitchinimo munali amayi awiri. Kabotolo kanayenda m'mwamba, kanadutsa mpando wa pakona, kanaima patsogolo pa Dolofe.

Amayi, tandithirireni.

Dolofe sanalandire msanga, ndipo Ndaziona analankhula mofulumira ngati woopa kuti mawu amuthawa. Anati azakhali chibwerereni sanadyepo mchere m'nyumba muno, amati suwakomera, amadzipatulira zawo. Anati ndi azakhali amene anamuumiriza kuimba foni ku Dublin. Anati kuyambira dzulo wakhala akuona: za wogulitsa nsomba azakhali anakana, za iye mwini anakana, koma chilichonse chochokera m'dzanja la amayi anadya, ndipo nthawi zonse ankayamba amuitana kuti aone.

Ndaona, amayi. Ndamva zimene akunena.

Dolofe anatembenukira pakona. AZelina anali atapanikiza chitenje ndi manja onse awiri, ndipo anapukusa mutu pang'ono, moti mwanayo sanaone. Pamenepo m'mutu mwa Dolofe munayera. Akanakweza chitenjecho monga anakonzera, mwana amene pakhosi pamatseka pokha akanaona chiyani? Munthu wadya mchere wa amayi, watupa ngati bambo. Umboni wonse umene iye anaukonza ndi manja ake unkaloza iye mwini, ndipo amene ankauphimba ndi chitenje anali aZelina.

Sanathokoze. Mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu. Mayi ameneyu anamulanda maliro a mwamuna wake, anamulanda mwana, ndipo tsopano wamulanda ngakhale kubwezera komwe, wakusandutsa kulapa kwake, kulapa kopanda mawu, kudziko kumene a ku Madisi sangamve.

Anatenga mbale. Anapatula supu wa munthu mmodzi, wopanda mchere, n'kukauika pamiyendo pa aZelina. Kenako analandira kabotolo kaja, anathira m'dzanja, anafumbata. Zala zake anazitambasula yekha. Anavundula, anagawira mwana wake, anamuikira supuni.

Thiraninso muno, mlamu, anatero aZelina chapansipansi, atakweza mbale yawo ndi manja awiri.

Dolofe anawerama mpaka pakhutu pawo.

Ayi. Munanena ndi pakamwa, masana, anthu ali pakhonde. Mukanenenso ndi pakamwa, masana, pakhonde lomwelo. Ndiye mukhale ndi moyo mpaka mukafike. Mawa kwa dokotala, ndipo mapilitsi aja mumuonetse nokha mwanayu. Mchere wanga simudzaulawanso.

Kuthebulo supuni inakwera mpaka pachibwano. Inaima. Inalowa. Dolofe anaona pakhosi pa mwana wake pakuyenda.

Ndaziona anameza, anaganiza pang'ono, n'kukankhira mbale kwa mayi ake.

Wachepa, amayi.

Dolofe anawonjezera. Pakona paja aZelina ankamwa supu wawo wosakolera, okha, mpaka supuni inayamba kugunda pansi pa mbale.